Mtovu ndi ubongo wa mwana: zimene zimawonongeka asanayambe n'komwe sukulu

Mu 1943, akatswiri awiri a ku Boston ku America, Randolph Byers ndi Elizabeth Lord, analondola ana 20 amene anagonekedwapo m'chipatala ali aang'ono chifukwa cha poizoni wa mtovu, n'kutulutsidwa atalembedwa kuti achira. Anawo atafika msinkhu wa sukulu, mmodzi yekha ndi amene ankakhoza bwino m'kalasi. Enawo 19 ankavutika kuwerenga, kulemba ndi kukhazikika, ndipo ena anali aukali wosaugwira mtima. Isanafike nthawi imeneyo, madokotala ankaganiza kuti mwana wodwala mtovu amamwalira, kapena akapulumuka ndiye kuti basi wachira. Byers ndi Lord anaonetsa kuti mwana akhoza kudzuka pabedi, kunenepa, kuthamanga ndi anzake, koma ubongo wake utasinthiratu.

Kafukufuku wa zaka 80 zotsatira wangowonjezera kulemera kwa mfundo imeneyi. Ana ambiri amene mtovu wawavulaza sanadwalepo n'komwe moti n'kupita nawo kuchipatala. Vuto limadzaonekera patatha zaka zinayi kapena zisanu, kwa mphunzitsi wa Sitandade 2 amene akudabwa ndi mwana wosagwira zilembo, ndipo pofika pamenepo palibe mankhwala obwezeretsa zimene zinatayika.

Muyezo wake ndi wochepa modabwitsa

Mtovu wa m'magazi amauyeza m'mamaikulogalamu pa desilita, ndipo pa pepala la zotsatira mumaona zilembo µg/dL. Maikulogalamu imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1 miliyoni a galamu, desilita ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a lita. Mwana wa zaka ziwiri amakhala ndi magazi okwana pafupifupi lita imodzi. Ngati zotsatira zake zili 5 µg/dL, ndiye kuti m'magazi ake onse muli mamaikulogalamu 50 a mtovu, kulemera kwake ngati kanjere kamodzi ka mchere wa patebulo. Mlingo umenewu ndi umene bungwe la WHO, m'malangizo ake a 2021, linanena kuti mwana akafikapo, afufuze kumene mtovuwo ukuchokera ndi kuuchotsa.

Mlingo wochititsa nkhawawu wakhala ukutsika nthawi zonse. Ku America, m'zaka za m'ma 1960 madokotala sankatekeseka mwana asanafike 60. Bungwe la boma la kumeneko lolimbana ndi matenda, la CDC, linautsitsira pa 30 mu 1975, pa 25 mu 1985, pa 10 mu 1991, pa 5 mu 2012, ndipo mu 2021 linaufikitsa pa 3.5. Sikuti mtovuwo unkawonjezera ukali. Ofufuza akayang'ana ana amene ali pansi pa mlingo wovomerezekawo, ankapezabe kuwonongeka. Lero WHO ndi CDC amanena chimodzimodzi kuti palibe mlingo wa mtovu umene wapezeka kuti ndi wosavulaza mwana. Thupi limafuna ayironi, zinki ndi kopa pang'onopang'ono, koma mtovu ulibe ntchito iliyonse m'thupi la munthu.

Lipoti la UNICEF ndi bungwe la Pure Earth la mu 2020 linayerekeza kuti ana okwana mpaka 800 miliyoni, pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu alionse padziko, ali ndi mtovu wofika kapena kupitirira 5 µg/dL, ndipo ambiri mwa iwo ali m'mayiko osauka.

Chifukwa chake mwana ndi amene amapwetekeka kwambiri

Mwana wokwawa amakhala pansi pomwe fumbi limatera, ndipo chilichonse chimene wagwira chimathera m'kamwa. Njira yaikulu imene mtovu umalowera mwa ana ndi imeneyi: fumbi la m'manja, pa zidole, pa chikho, pa mbatata imene yagwa pansi n'kutoledwa. N'chifukwa chake mtovu wa m'magazi umakwera kwambiri pakati pa miyezi 18 ndi zaka zitatu, kenako n'kuyamba kutsika mwana akasiya kudya zala.

Matumbo a mwana amayamwanso mtovu mwamphamvu. Munthu wamkulu akameza mtovu, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 ndilo limalowa m'magazi. Mwa mwana wamng'ono umatha kulowa mpaka theka. Kukula kumafuna kashiamu ndi ayironi wambiri, choncho matumbo a mwana amakhala otsekula njira zoyamwira michere imeneyi, ndipo mtovu umadzera m'njira zomwezo. Mwana woperewera ayironi thupi lake limawonjezera njirazi pofuna kudzipulumutsa, ndiye amayamwa mtovu wochuluka kuposa mnzake wodya bwino ngakhale akusewera pabwalo limodzi. M'mimba mukakhala mopanda kanthu, kuyamwako kumakulanso. Apa ndi pamene umphawi ndi mtovu zimagwirana manja: mwana amene wadzuka osadya phala, wochepa magazi chifukwa cha malungo ndi njoka za m'mimba, ndi amene fumbi lomwelo limamuvulaza kuposa ena.

Mtovu ukalowa, woposa 95 peresenti ya umene uli m'magazi umakangamira ku maselo ofiira. Kwa munthu wamkulu amene wasiya kukumana nawo, theka lake limachoka m'magazi pakatha mwezi umodzi, koma si wonse umene umatuluka ndi mkodzo. Wambiri umakakhala m'mafupa ndi m'mano, m'malo a kashiamu, ndipo m'menemo umatha zaka makumi. Mtsikana amene anakulira m'fumbi la mtovu amafika pa msinkhu wobereka ataunyamula m'mafupa. Akaima, thupi limasungunula kashiamu wa m'mafupa kuti limange mafupa a mwana, mtovu nawonso umamasuka, n'kudutsa pa nsengwa mosatchingidwa ndi chilichonse. Khanda limabadwa ndi mlingo woyandikana ndi wa mayi ake. Ndipo pali chizolowezi chodziwika bwino m'Malawi ndi m'Zambia cha amayi oyembekezera kudya dothi. Dothilo likachokera kumalo oipitsidwa, mayi amakhala akudyetsa mtovu mwana wosabadwa pa nthawi imene maziko a ubongo akuyalidwa.

Zimene umachita ukafika mu ubongo

Pofika zaka zitatu, ubongo wa mwana umakhala utakwana pafupifupi 80 peresenti ya kukula kwa ubongo wa munthu wamkulu. Kukula kumeneku kwenikweni ndi kulumikizana kwa maselo. Selo lililonse limatambasula nthambi zake n'kukumana ndi anzake masauzande, ndipo pamene pakumana maselo awiri ndi pamene uthenga umadumphira. Uthenga ukafika kumapeto kwa selo, kashiamu amalowa, ndipo kulowa kwakeko ndiko kumachititsa selolo kutulutsa timadzi tonyamula uthenga kupita ku selo lotsatira.

Mtovu umafanana ndi kashiamu m'kukula ndi m'mphamvu yake ya magetsi, moti mapuloteni amene ntchito yawo ndi kugwira kashiamu amaugwira, ena mwa iwo mwamphamvu kuposa mmene amagwirira kashiamu weniweniyo. Zotsatira zake ndi ziwiri zosemphana. Uthenga weniweni ukafika, mtovu umatchinga makomo olowera kashiamu, ndiye timadzi timatuluka tochepa ndipo uthengawo umafooka. Pamene palibe uthenga, mtovu umene walowa kale m'selo umalinyenga kuti litulutse timadzi pachabe. Uthenga woona umachepa, phokoso limachuluka.

Mwa munthu wamkulu zimenezi zimasokoneza ubongo womangidwa kale. Mwa mwana zimasokoneza kamangidwe. Ubongo wa mwana umayamba wapanga malumikizano ochuluka kuposa ofunika, kenako umadulira. Amene akugwira ntchito kawirikawiri amalimbitsidwa, osagwira ntchito amafota. Ubongo umadziwa oti usunge ndi oti udule poona mauthenga amene akudutsapo. Ngati mauthengawo ali osokonekera m'zaka zimene kudulira kukuchitika, umasunga ena olakwika n'kudula ena ofunika, ndipo nthawi imeneyo ikadutsa sibwereranso chimodzimodzi.

Pali khomo lina lapadera pa maselo a ubongo lotchedwa NMDA. Ndi limene limazindikira kuti maselo awiri agwira ntchito nthawi imodzi mobwerezabwereza, n'kuyambitsa kulimbitsa mgwirizano wawo. Mwana akamamva dzina la chilembo uku akuchiona pa bolodi, tsiku ndi tsiku mpaka ziwirizo zitamangana m'mutu mwake, khomo limeneli ndi limene likugwira ntchito, makamaka m'chigawo cha ubongo chotchedwa hippocampus chimene chimasunga zinthu zatsopano. Mtovu umalepheretsa khomoli kutseguka bwino, ndipo m'makoswe oyeserera amene anapatsidwa mtovu ali aang'ono, ngakhale kapangidwe ka khomolo kamasintha.

Mtovu umavulazanso maselo opanga mafuta okuta mitsempha ya ubongo, amene amathandiza uthenga kuthamanga. Mafutawo akachepa, mwana amachedwa kuyankha, dzanja ndi diso sizigwirizana bwino, ndipo kumva kumatsika pang'ono. Kunja kwa ubongo, umatsekereza mapuloteni awiri ofunika popanga chinthu chofiira cha m'magazi chonyamula mpweya, ndiye mwana wa mtovu wambiri amachepanso magazi.

Kuti kuwonongekaku kumakhalitsa, kunaoneka ndi maso ku Cincinnati, ku America. Ofufuza kumeneko analemba amayi oyembekezera a m'madera a nyumba zakale pakati pa 1979 ndi 1984, n'kumayeza magazi a ana awo kuyambira ali makanda. Anawo atafika zaka 19 mpaka 24, okwana 157 anajambulidwa ubongo ndi makina a MRI. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2008 zinaonetsa kuti amene anali ndi mtovu wambiri ali ana anali ndi ubongo wochepa m'chigawo chakutsogolo, kuseri kwa chipumi, ndipo kuchepako kunali koonekera kwambiri mwa anyamata. Chigawo chimenechi ndi chimene chimathandiza munthu kudikira, kukonza zochita, kusunga malangizo m'mutu ndi kuugwira mtima.

Mtovu ukakwera kwambiri, kawirikawiri kupitirira 70 mpaka 100 µg/dL, timitsempha ta magazi ta mu ubongo timayamba kuchucha ndipo ubongo umatupa. Mwana amasanza, amawodzera, amakomoka ndi kuphupha, ndipo akhoza kumwalira. Zizindikiro zimenezi n'zofanana ndi za malungo aakulu kapena matenda oumitsa khosi. Ku Zamfara, kumpoto kwa Nigeria, mu 2010, ana oposa 400 anamwalira m'midzi imene anthu ankaperera miyala ya golide yokhala ndi mtovu m'mabwalo a nyumba zawo, ndipo mankhwala a malungo anali ataperekedwa kale osathandiza pamene chenicheni chinadziwika.

Zimene mphunzitsi amaona

Mu 1979, dokotala wa ana Herbert Needleman anatulutsa zotsatira za ntchito imene inasintha kaganizidwe ka anthu. M'malo moyeza magazi, amene amangoonetsa mtovu wa miyezi yapafupi, iye anasonkhanitsa mano a ubwana amene ana a sukulu za ku Chelsea ndi Somerville, ku Massachusetts, ankagulula. Dzino limasunga mtovu wa zaka zonse zimene linkakula. Aphunzitsi, osadziwa zotsatira za mano, anafunsidwa za khalidwe la mwana aliyense m'kalasi. Mtovu ukamakwera m'dzino, chiwerengero cha ana onenedwa kuti amasokonezeka msanga, samaliza ntchito, satsatira malangizo ndipo amachita zinthu mopupuluma chinkakweranso. Palibe mwana mwa amenewa amene ankadziwika kuti ndi wodwala. Atawalondolanso patatha zaka 11, anapeza kuti a mtovu wambiri aja anali pa chiopsezo chachikulu chosiyira sekondale panjira ndiponso chovutika kuwerenga.

Pa nkhani ya nzeru zoyezedwa ndi mayeso a IQ, Bruce Lanphear ndi anzake anaphatikiza mu 2005 zotsatira za ana 1,333 ochokera m'kafukufuku 7 wa m'mayiko osiyanasiyana. Anapeza kuti mtovu ukakwera kuchoka pa 2.4 kufika pa 10 µg/dL, ana amataya pafupifupi mapointi 4. Kuchoka pa 10 kufika pa 20 amatayanso pafupifupi 2, ndipo kuchoka pa 20 kufika pa 30 amataya pafupifupi 1. Mfundo imeneyi ndi yosemphana ndi zimene munthu angayembekezere. Mamaikulogalamu oyambirira ndi amene amawononga kwambiri pa maikulogalamu iliyonse. Choncho dera limene ana ake ali pa 6 kapena 8 silinganene kuti lili bwino poti silinafike pa ziwerengero za kufupi ndi mgodi.

Mapointi 4 kapena 5 mwa mwana mmodzi kholo silingawaone. Amaonekera m'khamu. Mwa ana 1,000 amene nzeru zawo zili pakatikati pa 100, pafupifupi 23 amakhala pansi pa 70, mlingo wa ana ofuna thandizo lapadera, ndipo pafupifupi 23 amakhala pamwamba pa 130. Onse akatsika ndi mapointi 5, a pansi pa 70 amafika pafupifupi 48, a pamwamba pa 130 amatsala pafupifupi 10. Sukulu yomweyo, aphunzitsi omwewo, koma ofuna thandizo achuluka kawiri ndipo akuthwa kwambiri atsala osakwana theka. Ku Dunedin, ku New Zealand, ana amene anayezedwa mtovu ali ndi zaka 11, nthawi imene petulo wa kumeneko anali wodzaza mtovu, analondoledwa mpaka zaka 38. A mtovu wambiri aja anali ndi IQ yotsikirapo ndipo ntchito zimene ankagwira zinali zotsikirapo poyerekeza ndi za makolo awo.

Komabe IQ si mbali yokhayo, ndipo m'kalasi mwina si yaikulu. Chimene chimavuta kwambiri ndi kutchera khutu kwa nthawi, kusunga malangizo atatu m'mutu mpaka kuwachita onse, kusiyanitsa mamvekedwe a zilembo, ndi kudikira mpaka nthawi yako yoyankha ifike. Mwana wotere m'kalasi la ana 100 amatchedwa waulesi, wosamva kapena wamwano, amakwapulidwa, amabwereza kalasi, kenako amasiya. Popeza mwana amayamba sukulu ali ndi zaka 6 kapena 7, mtovu wa m'magazi ake umakhala utatsika kale, ndipo kumuyeza pamenepo sikungaonetse mlingo umene anali nawo akukwawa.

Pali anthu amene amanena kuti mtovu wa m'petulo ndi umene unachititsa kukwera ndi kutsika kwa umbanda ku America. Kafukufuku wa ku Cincinnati anapezadi kuti a mtovu wambiri ankamangidwa kawirikawiri atakula, koma kunena kuti mtovu ndiwo unali gwero lalikulu la umbanda wonse n'kupitirira pamene umboni wafika. Ziwerengero zonsezi ndi za magulu. Sizilosera tsogolo la mwana mmodzi, ndipo alipo ambiri amene anakulira m'fumbi la mtovu koma anaphunzira mpaka kuyunivesite.

Kabwe

Mgodi wa mtovu ndi zinki wa ku Kabwe ku Zambia, umene kale unkatchedwa Broken Hill, unagwira ntchito kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 mpaka 1994. Ng'anjo zake zinatulutsa utsi wa mtovu kwa zaka makumi, ndipo utatsekedwa unasiya phiri la zinyalala za matani mamiliyoni limene anthu amalitcha Black Mountain. Mtovu suwola ndipo susungunuka ndi mvula n'kutha. Umakhala m'dothi lapamwamba kwa zaka mazana. M'makomboni oyandikana ndi mgodiwu, monga Kasanda, Makululu ndi Chowa, dothi lapezeka ndi mtovu wa mamiligalamu masauzande pa kilogalamu, pamene ku America mlingo wa malo osewerera ana unali 400 kwa zaka zambiri. Nyengo yachilimwe mphepo imanyamula fumbili n'kulilowetsa m'nyumba, m'makalasi ndi pa ndiwo zoyanika.

Mu 2015, John Yabe wa ku University of Zambia ndi anzake a ku Hokkaido University anatulutsa zotsatira za ana 246 osakwana zaka 7 a m'makomboni atatuwa. Onse anali pamwamba pa 5 µg/dL. Ambiri anali pamwamba pa 45, mlingo wofunika mankhwala, ndipo wokwera kwambiri anapitirira 400. Ana amenewa anabadwa mgodi utatsekedwa zaka zoposa 10 m'mbuyomo.

Kumene kulibe mgodi

Petulo wa mtovu anasiya kugulitsidwa m'mayiko a kum'mwera kwa Sahara kumayambiriro kwa 2006, ndipo dziko lomaliza padziko lonse, Algeria, linamaliza mu 2021. Zotsala ndi zapafupi ndi khomo.

Choyamba ndi mabatire a galimoto ndi a sola. Batire imodzi ya galimoto imakhala ndi makilogalamu angapo a mtovu. Anthu akamaiswa ndi nkhwangwa, kutaya asidi pansi ndi kusungunula timapale take pa mbaula kuseri kwa nyumba, utsi ndi phulusa lake zimaipitsa bwalo lonse. Ku Thiaroye-sur-Mer, m'mphepete mwa Dakar ku Senegal, ana 18 anamwalira pakati pa 2007 ndi 2008 chifukwa cha ntchito imeneyi. Magetsi a sola akufalikira m'midzi, mabatire akutha nawo akuchuluka, ndipo batire yakufa malo ake ndi kwa ogula ovomerezeka, yosaswedwa.

Chachiwiri ndi penti wamafuta, makamaka wachikasu, wofiira ndi wobiriwira, amene mtundu wake umachokera ku mankhwala a mtovu. Mlingo umene WHO ndi UNEP (bungwe la United Nations loona za chilengedwe) amalimbikitsa ndi magawo 90 pa miliyoni. Ku Malawi, bungwe la Lead Exposure Elimination Project litayeza penti wogulitsidwa m'masitolo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2020, linapeza wina wopitirira mlingowu kutali, ndipo Malawi Bureau of Standards inayamba kukhwimitsa kuyeza kwa makampani opanga penti. Zimenezi zimateteza nyumba zopentedwa mtsogolo. Penti amene ali kale pa zitseko, mawindo, mabedi a ana ndi zoseweretsa za kusukulu za mkaka amakhalabe pomwepo, ndipo amaopsa akayamba kusupuka.

Kenako pali mapoto osungunulidwa kuchokera ku zitsulo zakale. Osula akasakaniza ziwiya za injini ndi maradiyeta, mtovu umalowa m'chitsulo cha poto, ndipo umatuluka kwambiri pophika zakudya zowawasa monga za tomato. Zodzola zina zakuda za m'maso, mankhwala ena a ufa, mbale zadothi zonyezimira ndi zokometsera zakudya zothiridwa utoto zapezekanso ndi mtovu m'mayiko osiyanasiyana. Bambo wowotcherera, wokonza mabatire kapena wopala penti amabweretsa fumbi kunyumba pa zovala, nsapato ndi tsitsi, kenako amanyamula mwana.

Kuyeza ndi mankhwala

Palibe chizindikiro chodalirika. Kupweteka m'mimba, kudzimbidwa, kusafuna kudya ndi kukwiyakwiya zimabwera ndi matenda ambiri. Chotsimikiza ndi kuyeza magazi basi. Makina ang'onoang'ono onyamulika amayeza dontho la pa chala n'kupereka yankho m'mphindi zochepa, koma amalekezera pa 65 µg/dL, ndipo chala chikakhala ndi fumbi amanamiza. Dzanja la mwana lisambitsidwe ndi sopo asanabayidwe, ndipo zotsatira zokwera zitsimikizidwe ndi magazi a m'mtsempha.

Mankhwala ochotsa mtovu alipo. Amagwira mtovu m'magazi n'kuutulutsa ndi mkodzo. Wakumwa ndi succimer, amene kawirikawiri amaperekedwa kwa masiku 19, ndipo wa m'diripi ndi calcium disodium EDTA. Amaperekedwa mwana akafika 45 µg/dL kapena kuposa, ndipo kwa mwana wotupa ubongo amapulumutsa moyo. Koma ali ndi malire atatu. Mankhwala akatha, mtovu wa m'mafupa umabwerera m'magazi ndipo mlingo umakweranso, moti pangafunike kubwereza. Mwana akabwerera kunyumba yomwe ija ya fumbi, zonse zimapita pachabe. Chachitatu ndi chowawa kwambiri: ku America anayesa succimer pa ana 780 a mtovu wa pakati pa 20 ndi 44 µg/dL, ena akupatsidwa mankhwala enieni, ena makapisozi opanda mankhwala. Zotsatira za mu 2001 zinaonetsa kuti mtovu wa m'magazi unatsikadi kwa kanthawi, koma nzeru ndi khalidwe la anawo sizinasinthe. Boma limene likudalira mankhwala pothana ndi mtovu ndiye kuti likufika mochedwa kwa mwana aliyense.

Zochita pakhomo, makamaka kumalo okayikitsa, n'zofuna khama tsiku ndi tsiku. Kusesa ndi tsache louma kumangoutsa fumbi kuti mwana alipume, choncho pansi pakolopedwe ndi nsanza yonyowa, kapena pawazidwe madzi kaye. Manja a mwana asambitsidwe ndi sopo asanadye ndi asanagone, zikhadabo ziwengedwe, ndipo khanda likhazikidwe pa mphasa yoyera osati padothi. Bwalo la dothi losabisika likwiriridwe ndi dothi loyera, kapinga kapena simenti. Ufa, ndiwo ndi madzi zikhale zovundikira, masamba atsukidwe bwino. Penti wakale asapalidwe wouma kapena kuwotchedwa, ndipo matabwa openta asasanduke nkhuni. Wogwira ntchito ya mtovu asambe ndi kusintha zovala asanalowe m'nyumba, zovalazo zichapidwe pazokha. Kuwiritsa madzi kumapha tizilombo koma sikuchotsa mtovu. Mkaka nawonso si mankhwala a mtovu, ngakhale mafakitale ena akale ankaupereka kwa antchito. Chothandiza ndi chakuti mwana asakhale ndi njala nthawi yaitali ndipo apeze ayironi ndi kashiamu: usipa ndi matemba odyera minga yomwe, nyemba, mazira, chiwindi, bonongwe ndi masamba ena obiriwira. Kudya bwino kumachepetsa kuyamwa kwa mtovu, sikuthetsa. Amayi ambiri apitirize kuyamwitsa, chifukwa mtovu wodutsa mu mkaka wa m'mawere ndi wochepa, pokhapokha mlingo wa mayiyo utakwera kwambiri ndipo achipatala atalangiza zina.

Kwa mwana amene wakhudzidwa kale, chotsala ndi kulimbitsa zimene ubongo ukadali nazo. M'makoswe oyeserera, amene anapatsidwa mtovu koma n'kukulira m'malo okhala ndi anzawo ndi zoseweretsa anaphunzira bwino kuposa okulira okha m'khola lopanda kanthu. Kwa ana, zimenezi zikutanthauza kulankhula nawo, kuwaimbira, kuwauza nthano, kuwatumiza kusukulu ya mkaka. M'kalasi, mwana wotere akhale kutsogolo, apatsidwe langizo limodzi pa nthawi, ntchito yake igawidwe tizigawo tifupitifupi, ndipo makutu ake ayezedwe asanaweruzidwe kuti ndi wosamva.

Zonsezi zimachepetsa vuto, koma mayi wa ku Kasanda sangakolope komboni yonse. Kuyeretsa kwenikweni ndi kuchotsa dothi lapamwamba m'mabwalo, m'misewu ndi m'sukulu, kuthira loyera, ndi kukwirira phiri la zinyalala kuti mphepo isabwezeretse fumbi pamene payeretsedwa. Mu 2016 Banki Yaikulu Padziko Lonse inavomereza ngongole ya madola 65.6 miliyoni yokonzera madera a migodi ku Zambia, ndipo gawo lina linapita ku kuyeza ndi kuchiza ana a ku Kabwe. Bungwe la Human Rights Watch lakhala likudandaula kuyambira mu 2019 kuti gwero lenileni, phiri lija, silinakwiriridwe, ndipo anthu akukumbabe zinyalalazo pofuna zitsulo zotsalira. Mu October 2020 maloya anakasuma ku khoti lalikulu la Johannesburg m'malo mwa ana ndi amayi a ku Kabwe, akufuna kuti kampani ya Anglo American South Africa, imene inali ndi gawo mu mgodiwu kuyambira 1925 mpaka 1974, ilipire chipukuta misozi ndi kuyeretsa. Kampaniyo imakana mlanduwo. Mu December 2023 khotilo linakana kuti mlanduwo uzengedwe ngati wa gulu, ndipo odandaulawo anachita apilo.